Atsekwe Akutchire ndi Funso la Mkuwa

Ambiri mwa inu, makolo ndi achinyamata omwe, mudaionapo filimu yotchedwa The Wild Geese, kaya m'nyumba zija za vidiyo za pamsika momwe tinkalipira makobiri pakhomo, kaya kunyumba kwanu. Idatuluka mu 1978, koma mpaka lero anyamata sadatope nayo. Ine ndidaiona koyamba ndili ku pulayimale, ndipo zidanditsalira m'mutu ndi zinthu ziwiri: dzina lakuti Limbani, limene tidadabwa kulimva pakamwa pa azungu, ndi amuna aja odziponya kunja kwa ndege mmodzimmodzi, mikono ili yotambasula ngati akabawi. Masiku apitawa ndidaionanso ndili wamkulu, ndipo ndaganiza kuti tikambiraneko.

Nkhani yake njosavuta. Mkulu wina wa banki ku London, Sir Edward Matherson, alemba ganyu Colonel Allen Faulkner kuti asonkhanitse asilikali pafupifupi 50, akatulutse m'ndende Julius Limbani, mtsogoleri wochotsedwa pampando m'dziko lina lopeka la mu Africa. Matherson alibe naye chikondi Limbani. Chimene akufuna ndi migodi ya mkuwa, ndipo Limbani ndi chikwapu chabe choopsezera General Ndofa amene adalanda boma. Asilikaliwo atsika ndi maparachuti, amtulutsa wandendeyo, koma ali pa bwalo la ndege kudikira kuti anyamuke, Matherson apangana ndi Ndofa za mkuwa uja, ndege nkubwerera yopanda munthu. Chotsala cha filimuyo ndi ulendo wa anthu osiyidwa, othamangitsidwa ngati nyama. Adaitsogolera ndi Andrew V. McLaglen, kuchokera m'buku la Daniel Carney wa ku Rhodesia, ndipo mudasewera akatswiri otchuka a nthawi imeneyo: Richard Burton, Roger Moore, Richard Harris ndi Hardy Krüger. Dzinalo, lotanthauza atsekwe akutchire, lidachokera kwa asilikali a ku Ireland amene adasiya kwao mu 1691 nakamenyera mafumu a maiko ena.

Ndisanaweruze kanthu, ndiulule kuti inenso ndidadumphapo m'ndege, kamodzi kokha, pamene ndinali pa maphunziro ku South Africa. Anzanga adasonkha ndalama ngati mphatso, poganiza kuti ndikana, ndipo manyazi ndiwo adandikweza. Munthu wosadziwa samdumphitsa yekha. Amammangirira ndi malamba pachifuwa pa mphunzitsi, mphunzitsiyo ali kumsana. Tidakwera mpaka mamita pafupifupi 3,000. M'ndegemo ndinkapemphera, ndinkaganiza za mayi anga, ndinkadzifunsa kuti kodi wansembe afuna chiyani kuno. Koma chitseko chitatseguka, miyendo ili lende panja, mafunso onse aja adazima ngati nyali pamphepo. Kwa masekondi ngati 30 tidagwa pa liwiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola, ndipo chodabwitsa nchakuti munthu sumva ngati ukugwa. Umamva ngati wagona pa mphepo yolimba imene ikukukankha kumaso. Kenaka parachuti idatseguka, malamba adandikoka m'ntchafu, kudagwa bata lalikulu, ndipo ndidaona minda ndi misewu zili phee pansi panga. Nditatera ndidaseka ngati mwana. Panapita maola ndisanakumbukire kuti m'ndege muja ndinali ndi funso.

Chimenechi ndicho chidanditsegula maso pa filimuyi. Kudumphako kumatsuka mutu. Amene adakonza The Wild Geese ankadziwa zimenezi, ndipo adaika kudumphako pamalo pake penipeni. Mpaka pamenepo woonera wakhala akumva zamalonda zokhazokha: ndalama zingati, mkuwa wa yani, ndani alipira. Mtima umayamba kunyansidwa pang'ono. Tsono chitseko cha ndege chitseguka, nyimbo ikwera, amuna okalamba ndi otopa aja asanduka mbalame, ndipo pamene mapazi awo akhudza nthaka, ife oonera takhala kale mbali yawo. Palibe mfundo imene atipatsa yotitembenuza. Atinyamula ndi mphepo basi. Monga luso la kanema, ndivomere, nzokoma zedi. Koma pajatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Nyererezo sizichedwa kuoneka. Atangotera, Pieter Coetzee apha alonda ndi mivi yachiphe, ndipo anzake alowa m'nyumba zogona asilikali a Ndofa napopera mpweya wakupha pa anthu ambirimbiri ali m'tulo. Ndili mwana tidaomba m'manja pamenepa. Filimuyo siima ngakhale pang'ono kutionetsa nkhope ya mmodzi wa iwo ngati munthu. Alibe maina, alibe amayi, palibe amene adzawalira. Koma imfa ya mzungu aliyense wa gulu la Faulkner imapatsidwa nthawi yake, mawu ake otsiriza ndi nyimbo yake yachisoni.

Ku seminale tidaphunzira kuti Tomasi Woyera wa ku Aquino adaika zinthu zitatu zofunika kuti nkhondo ikhale yololedwa: ailamule amene ali ndi udindo woona wosamala anthu, pakhale chifukwa cholungama, ndiponso omenyawo akhale ndi cholinga choongoka. Chachitatuchi ndicho chovuta, pakuti iye adaphunzitsa kuti ngakhale chifukwa chikhale chabwino, cholinga choipa chimaipitsa nkhondo yonse. Tikaiyesa filimuyi ndi muyeso umenewu, ili ndi ubwino umodzi umene sindiubisa: sinama za chiyambi cha nkhondoyo. Imanena poyera kuti idagulidwa ndi mwini banki. Imationetsanso kuti m'ndege imodzi mungakwere zolinga zambiri. Faulkner afuna malipiro, ndipo sadziwa ntchito ina. Coetzee afuna ndalama zogulira munda kwao. Rafer Janders yekha ndiye amakhulupirira Limbani, mpaka kuphwanya lonjezo la tchuthi cha Khirisimasi kwa mwana wake Emile. Kupulumutsa munthu wosalakwa amene akudikira kuphedwa ndi chifukwa chabwino ndithu. Koma wolamula ndi wamalonda, ndipo cholinga chake ndi mkuwa. Pa zitatu zija pagwa ziwiri.

Pamene ndikutsutsana nayo filimuyi ndi pa zimene ichita ndi choona chimenechi. Tchimo lonse ilisenzetsa munthu mmodzi, Matherson, wa m'nyumba yokongola ku London, ndipo pomaliza Faulkner apita kukamuwombera, ife nkupuma kuti chilungamo chachitika. Motero aganyuwo asanduka anthu olakwiridwa. Koma kodi adanyengedwa pa chiyani? Adadziwa kuyambira tsiku loyamba amene akuwalipira ndi chimene akufuna. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Chimene Matherson adawalakwira nchakuti adaswa pangano la malipiro ndi la ndege. Akadasunga panganolo, anthu ogona aja akadafabe, mkuwa ukadapitabe kumene udapita, ndipo filimu ikadatha ndi phwando.

Sitiyenera kudabwa kwambiri tikadziwa amene adali kuseri. Mlangizi wa zausilikali pa filimuyi adali Mike Hoare, amene adatsogolera asilikali aganyu ku Congo mu 1964 ndi 1965, ndipo patangopita zaka zitatu filimu itatuluka, mu 1981, adayesa kulanda boma la Seychelles, nalephera, namangidwa. Idajambulidwa ku South Africa m'nthawi ya tsankho, ndipo pamene inkaonetsedwa koyamba ku London anthu odana ndi tsankho adachita zionetsero. Mu Africa monse nkhani ya aganyu inali bala laliwisi: mu 1976 boma la Angola lidazenga mlandu aganyu 13 ku Luanda, anayi nkuphedwa, ndipo mu 1977 maiko a bungwe la OAU adagwirizana ku Libreville pangano lothetsa khalidwe limeneli. Filimuyi idabwera kudzawapukuta nkhope anthu amene Africa inkawatcha zigawenga.

Ena amaiikira kumbuyo potchula kukambirana kwa Coetzee ndi Limbani, pamene Mbunu uja, wabereka Limbani kumsana, ayamba ndi chipongwe koma pang'onopang'ono avomera kuti akuda ndi oyera ayenera kukhalira limodzi, mpaka kufa pomteteza. Winston Ntshona, amene adasewera Limbani, adali katswiri weniweni. Iye ndi John Kani, amenenso ali m'filimuyi, adalandira mphotho ya Tony ku New York mu 1975, ndipo mu 1976 adamangidwa ku Transkei chifukwa cha sewero lawo. Ntshona apatsa Limbani ulemu umene olembawo sadamlembere. Komabe taonani: mtsogoleri wa Africa ameneyu ngodwala mtima, sayenda yekha, anyamulidwa kuchokera kundende mpaka m'ndege momwe afera. Ndi katundu wolankhula mwanzeru. Ndipo mtima wa Coetzee utembenuka m'mphindi zochepa, mofulumira koposa momwe ine ndidaonerapo munthu aliyense akutembenuka.

Chaka chomwecho cha 1978 zenizeni zidachitika pafupi nafe. Mu Meyi, zigawenga za FNLC zochokera ku Angola zidadutsa m'dziko la Zambia nkulanda Kolwezi, mzinda wa migodi ya mkuwa ndi kobalti m'chigawo cha Shaba ku Zaire. Pa 19 Meyi asilikali a France a gulu la Foreign Legion adatsikira mumzindamo ndi maparachuti, a Belgium nkutsatira m'mawa mwake. Boma la Valéry Giscard d'Estaing lidati likupulumutsa miyoyo, ndipo nzoona kuti azungu oposa 2,000 adatulutsidwa, oposa 100 ataphedwa kale. Anthu akuda amene adafa adali mazanamazana, ngakhale nyuzi za kunja sizidawawerenge ndi chidwi chomwecho. Ena adati cholinga chenicheni chinali migodi ndi mpando wa Mobutu, amene adakhalabe mpaka 1997. Mu Juni chaka chimenecho Julius Nyerere adaitana akazembe ku Dar es Salaam nawauza mosabisa kuti maiko a azungu akuteteza zofuna zawo, ndi kuti Africa siyenera kulondedwa ndi gulu lankhondo lokonzedwa kunja.

Mkangano umenewu sudathe, ndipo ine ndiganiza kuti sungathe mwa kusankha mbali imodzi, pakuti zonse ziwiri zinali zoona. Mayi amene adabisala ndi ana ake m'nyumba ku Kolwezi, akumva mfuti panja, sadafunse za kobalti ataona maparachuti kumwamba, ndipo ndani angamdzudzule? Apa mpamene The Wild Geese ichepera. Pa moyo weniweni Matherson sakhala munthu mmodzi woti nkumuwombera. Chifundo ndi umbombo zimakwera ndege imodzi, nthawi zina mumtima umodzi. Mtima wa wolamula sitingauone. Chimene tingaone ndi ntchito za pansi: akatera apita kunyumba ya yani, m'ndege akweza yani, ndipo akachoka asiya yani.

Ife Akatolika tili ndi chitsanzo chimene chimandisowetsa tulo. Pa 24 Novembala 1964 asilikali a Belgium, atanyamulidwa ndi ndege za America, adatsika ku Stanleyville kukapulumutsa alendo amene adagwidwa ndi zigawenga za Simba, ndipo gulu la Hoare lidafika tsiku lomwelo pa msewu. Pakati pa opulumukawo padali amishoni, ndipo tiyenera kuthokoza chifukwa cha iwo. Pa 26 Novembala adatsikanso ku Paulis, mzinda umene lero ukutchedwa Isiro, natulutsa alendo, nachoka msanga. Patapita masiku owerengeka, zigawenga zija zidabwera nawo mumzinda womwewo masisiteri achikuda amene zidawagwira ku Bafwabaka, ndipo pa 1 Disembala zidapha mmodzi wa iwo, Marie-Clémentine Anuarite Nengapeta, amene Papa Yohane Paulo II adamlengeza Wodala ku Kinshasa mu 1985. Sindikuimba mlandu msilikali amene adadumpha pa Paulis. Iye adamangiriridwa ku lamulo monga ine ndidamangiriridwa kwa mphunzitsi wanga, ndipo malo odumphira sadasankhe ndiye. Koma amene adalemba mndandanda wa oyenera kukwera ndege adaulemba ali pansi, mitu ili bwinobwino, ndipo pa mndandandawo padalibe malo a anthu onga Anuarite. M'filimu muja, adani opanda nkhope othamangitsa Faulkner adawatcha dzina lomwelo la Simba, ngati kuti mbiri yonse ya Congo inali ya azungu othawa.

Muli wansembe m'filimuyi, Bambo Geoghegan wa ku Ireland, amene akhala pakati pa anthu a kwao kwa Limbani. Iye yekha ndiye awalandira aganyuwo ndi mkwiyo, podziwa kuti iwo adzauluka koma mudzi udzatsala m'manja mwa Ndofa. Ndidayembekeza kuti filimu imumvera. Koma ntchito yake ingokhala yowalozera kumene kuli ndege yakale ya Dakota, ndipo ndegeyo ikanyamuka kupita ku Rhodesia, kamera inyamuka nayo. Za mudziwo sitimvanso.

Chithunzi chomaliza ndi cha Faulkner ali ku sukulu ya Emile, mwana wa Janders, amene bambo wake adafera pa bwalo la ndege. Amtenga mnyamatayo kuti amuuze za bambo wake. Richard Burton asewera bwino pamenepa, ndipo misozi imabwera. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Sabata yatha ndidaionetsa filimuyi kwa anyamata otumikira pa Misa, ndipo itatha ndidawafunsa kuti ana amasiye m'nkhaniyi ndi angati. Onse adayankha msanga kuti mmodzi. Patapita kanthawi, wamng'ono mwa onse adafunsa ngati asilikali ogona aja adali okwatira.