Kujambula Nyali Dzuwa Likuswa Mtengo

Pamsonkhano wathu wapitawu mnzathu wina adayala pathebulo zithunzi 14 zimene adajambula patchuthi, chilichonse chili ndi mawu ake pansi. Tidaomba m'manja, ena adafunsa za kamera, nthawi nkutha. Ine ndidatuluka mawu ali kukhosi, ndiye ndati ndiwalembe muno kuti mwini wake adzandiyankhe poyera.

Iye adatiuza yekha kuti ganizo lidachokera m'buku la zithunzi la ku America. Kumeneko, m'mbali mwa nyanja zikuluzikulu za madzi opanda mchere monga Superior ndi Michigan, adamangamo nsanja zazitali zokhala ndi nyali pamwamba, zotsogolera sitima usiku. Chigawo cha Michigan chokha chili ndi nsanja zotere zoposa 100, ndipo alipo anthu amene amathera tchuthi chonse akuyenda kuchoka pansanja ina kupita pa inzake, kamera ili m'khosi. Mnzathu adadzifunsa kuti, poti nafenso tili ndi nyanja, nsanja zathu zili kuti? Adanyamuka kwawo ku Balaka, naima pa Liwonde, nakafika ku Mangochi ndi ku Monkey Bay, kenaka nabwerera ku Machinga kukathera ulendo kunyanja ya Chilwa.

Funsolo ndi labwino, ndipo dzanja la mnzathu silinjenjemera. Palibe chithunzi chopendekeka kapena chakuda mopitirira. Dandaulo langa lili pa malo amene iye adaima pojambula. Pa zithunzi 14, zithunzi 13 adazijambula mapazi ali pamtunda, ndipo zambiri mwa izo dzuwa likuswa mtengo.

Tiyambe tamvana za ntchito ya nsanjazi. Nsanja ya Split Rock, imene ili pathanthwe la m'mbali mwa Superior, idayatsidwa mu 1910 chifukwa cha namondwe wa mu Novembala 1905 amene adaswa sitima zambiri. Nsanja iliyonse ili ndi kaphethiridwe kakekake, ina kamodzi, ina kawiri motsatizana, kuti woyendetsa sitima akawerenga adziwe kuti ali pati. Tsono nyaliyo imayankhula ndi munthu amene ali pamadzi, mumdima, ali ndi mantha. Woijambula masana ali pakapinga amangotenga khoma ndi denga. Anzathu a kumeneko tingawakhululukire, poti zambiri mwa nsanja zawo zidasanduka zipilala za chikumbutso. Ya Split Rock idazimitsidwa mu 1969, ndipo amaiyatsa pa 10 Novembala chaka chilichonse pokumbukira amuna 29 amene adamira ndi sitima ya Edmund Fitzgerald mu 1975. Koma mnzathu adabwereka kwa iwo maonekedwe okha, chinthu chachitali choima pafupi ndi madzi, nayamba kuchisakasaka kuno kwathu.

Zotsatira zake zikuoneka pa zithunzi zitatu za baraji ya Kamuzu pa Liwonde, imene idamangidwa mu 1965. Madzi akutuluka m'mageti mokongola ndithu, koma ntchito ya barajiyo ndi kuyeza madzi a Shire opita kumakina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo palibe bwato limene limaiyang'ana kuti lipeze njira. Za doko la Monkey Bay ndi sitima ya Ilala, imene idayamba kuyenda mu 1951, sindinenapo zambiri, poti tidaziona kale pamakalendala.

Chimene chidandipweteka ndi chithunzi chachisanu, cha nsanja ya wotchi ya ku Mangochi. Idamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, ndipo poti ndi yaitali komanso ili pafupi ndi mtsinje, mnzathu adaiyesa yankho la funso lake. Pafupi pomwepo pali chikumbutso cha anthu 145 amene adamira ndi sitima ya Vipya kumpoto kwa nyanja ya Malaŵi pa 30 Julaye 1946. Chimenechi adachisiya kunja kwa chithunzi. Munthu wofufuza za ngozi za pamadzi adaima pamalo pamene dziko lathu likulira omira ake, koma maso ake adali m'mwamba kufuna chinthu chofanana ndi cha m'buku.

Chithunzi chachisanu ndi chinayi ndicho chidaombetsa m'manja kwambiri: mzere wa nyali za asodzi a usipa usiku, zikuoneka ngati tauni yoyandama. Mawu a pansi pake akuti izi ndizo nsanja zathu. Apa ndikukana. Nyali ya nsanja imanena zoona kuti munthu apulumuke, pamene nyali ya siginala, mnyamata amene amakhala yekha m'bwato patsogolo pa khoka la chilimira, ndi msampha. Imaitana usipa kuti usonkhane, anzake nkuuzinga. Ndi chifukwa chake mwezi ukawala kwambiri ntchitoyi imavuta. Wojambula akadakwera bwato akadaziona zimenezi, akadaonanso nkhope ya siginalayo, kuzizira kwa mphepo ya mwera, ndi mabatire amene masiku ano alowa m'malo mwa palafini. Ali pamchenga adangoona timadontho towala, natipatsa tanthauzo limene iye adabwera nalo.

Tsono ndifike pa chithunzi cha 13, chimene palibe adachitchula. Adachijambula pa Mposa, kunyanja ya Chilwa, ndipo ndi chokhacho chimene adajambula ali m'bwato, kukuyamba kuchita chisisira. Patsogolo pali msana wa mwini bwato ndi nsungwi yake yokankhira. Mbali zonse ziwiri kuli njedza, pakati kanjira ka madzi kopapatiza. Pokhotera kanjirako pazikidwa mtengo womangidwa kansanza, ndipo kutali kukuoneka mdima wa phiri la Chikala ndi kamoto kamodzi m'munsi mwake. Mwini wake adapepesa kuti chidatuluka chosaoneka bwino chifukwa bwato linkagwedera.

Ine ndikuti chithunzi chimenechi ndicho chayankha funso lake, ndipo ndikunena zimene ndidazionapo. Ndili mwana ndidaperekezako amalume kukagula matemba kwa asodzi okhala m'zimbowera, timisasa tija timamangidwa pa udzu woyandama. Tidachedwa pokambirana mtengo, ndipo pobwerera kudatidera tili m'kati mwa njedza, m'mene tinjira tonse timafanana. Ine ndidayamba kulira. Mwini bwato sadayankhule kanthu. Ankangodzutsa mutu kuyang'ana msana wa Chikala pamene udalekana ndi thambo, nkukankha, nkuyang'ananso, mpaka tidaona moto wa owamba nsomba pagombe. Amalume adandigwira paphewa nati, "Mphwanga, phiri silisamuka." Pamene ndidaona chithunzi cha 13, mantha a usiku umenewo adandibwerera, ndipo palibe china mwa zithunzizo chidandichita zotere.

Chithunzichi chikufotokozanso chimene mnzathu adachiyesa kusowa. Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulukamo, ndipo gombe lake limasuntha ndi mvula. Idauma mu 1968, mu 1995, ndiponso mu 2018. Nsanja ya njerwa itamangidwa pamene pali gombe chaka chino, chaka china idzapezeka pakati pa fumbi kapena pakati pa madzi. Anthu a kumeneko adasankha zizindikiro zoyenera nyanja yawo: phiri limene lili kutali ndi kusefukira, moto umene umasamuka pamodzi ndi gombe, mtengo umene ungazulidwe nkukazikidwa pena. Nzeru imeneyi ndi yofanana ndi ya amene adamanga Split Rock, kusiyana kwake nkwakuti munthu woima pamtunda sangaione.

Sindikulemba izi kuti ndinyoze mnzathu, poti mutu umodzi susenza denga, ndipo matendawa tili nawo tonse. Tiwerenge ndakatulo za nyanja zimene takhala tikukambirana m'chipinda chathu chija. Pafupifupi zonse zili ndi dzuwa lolowa, mchenga woyera, ndi msodzi wooneka patali ngati chithunzithunzi. Wolemba amakhala pagombe nthawi zonse, nsapato zili kuphazi. Kubwereka funso kwa alendo si mlandu. Mlandu ndi kubwereka ndi malo omwe oimapo, osafunsa ngati eni nyanja amaima pomwepo.

Pempho langa kwa mnzathu nlakuti asunge zithunzi 13 zija m'kabati, atenge chimodzi chogwederacho ngati poyambira. Akwere sitima ya pamtunda kapena basi, apite ku Chiuta, abwererenso ku Mposa, agone usiku ungapo. Afunse eni mabwato kuti amayang'ana chiyani kukada, nanga kukachita nkhungu phiri nkubisika amatani, ndipo alembe mayankho awo m'mawu awo omwe. Akatero ajambule chimene iwo aloza, ali m'bwato momwemo. Zithunzi zina zidzatuluka zakuda, ndipo adzatibweretsere zomwezo kuti tidzazikambirane.