Cithunzi ca azakhali: nkhani yosokedwa pa thumba la unga

Pa holide ya mu Ogasiti ndinakwera basi ya ku Chipata n'kutsikira ku Rufunsa, kukaona azakhali anga amene amuna awo anamwalira mu 2024. Ndinanyamula shuga, sopo ndi mawu acitonthozo amene ndinakonza m'njira monse. Mawuwo sanagwire nchito. Ndinawapeza ali pa mphasa, nyeleti m'dzanja, akusoka tizigamba pa cidutswa ca thumba la unga. Atandilonjera anati ndidikire pang'ono atsirize mtengo. Mtengowo unali wa nsalu.

Ine ndimaphunzitsa Cinyanja pa sukulu ina ya sekondale mu Lusaka, ndipo kuweruza nkhani zolembedwa ndiyo nchito yanga. Cithunzi ca azakhali ndiciweruza cimodzimodzi, cifukwa naconso ndi nkhani. Kungonena kuti n'cokongola basi kungakhale kucipeputsa.

Kukula kwake kuli ngati buku la kusukulu lotambasula. Pakati padutsa mzere wakuda wodulidwa ku thalauzi yakale, ndiwo msewu wa Great East Road. Kumunsi kuli munda wa cimanga ca ulusi wacikasu, cofota cisanabereke. Tonse tikumbukira cilala ca 2024, pamene boma linalengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pa tsoka. Kumtunda kwa msewu kuli matumba asanu a malasha ndi zitsa zitatu. Mtengo wamoyo ndi umodzi wokha, ndipo pansi pake pakhala mwamuna wopanda maso ndi kamwa, wovala shati ya mizere yobiriwira. Nsaluyo ndinaizindikira. Ndi ya shati imene malemu ankavala popita ku chalichi.

Cimene candigwira mtima kwambiri ndi kayalidwe ka zinthu. Diso likayamba kumunsi n'kumakwera, limapeza cifukwa ndi zotsatira zake: munda walephera, mabanja atola nkhwangwa, mitengo yatha. Ndipo msewu uja ulowera kumadzulo, kwathu kuno. Inu a ku Mtendere, Kanyama ndi Chawama, nthawi imene magetsi ankathima pafupifupi tsiku lonse madzi atacepa ku Kariba, mbaula zathu zinkadya matumba omwewa. Azakhali sanatiloze cala. Anangotisiya kumapeto kwa msewu, kunja kwa nsalu. Ana anga a Giredi 12 akalemba za kudula mitengo amadzaza tsamba ndi malangizo, koma pano palibe langizo ngakhale limodzi, ndipo nkhani yamveka.

Nkhope yopanda maso nayo ndi nzeru. Akanasoka maso aciwiri, akanafunika kusankha kuti munthuyo alire kapena aseke. Posiya nkhope yoyera, atipatsa ife oona nchito yoikapo nkhope ya munthu amene tinataya.

Koma cithunzici cili ndi colakwa cake. Pa kona ya kumanja kuli njovu yonenepa, yoimika citamba, ndipo m'mbali monse mwazungulira maluwa ofiira. Mnzawo wina anawauza kuti alendo a kunja sagula cinthu copanda nyama. Njovu ziliko ndithu kumwera, ku Lower Zambezi, ndipo mlimi akazisoka ndi mantha a m'munda, zikhoza kulowa bwino m'nkhaniyi. Koma iyi ndi njovu ya pa makhadi a alendo. Siidziwa cilala, siidziwa maliro. Maluwawo nawo akupepesa pa zimene cithunzi canena, ngati munthu amene wanena zoona kenako n'kuseka kuti musakhumudwe.

Mayeserowa sakumana ndi azakhali okha. Ku Zimbabwe, amayi a ku Weya anayamba kusoka zithunzi za moyo wa kumudzi ca m'ma 1987, mothandizidwa ndi mphunzitsi wa ku Germany, Ilse Noy, ndipo zinayamba kugulidwa ku Harare. Ndalama ya fizi ndi yofunika, palibe angatsutse, koma wogula akakhala kutali, kukonda kwake kumayamba kukoka dzanja la wosoka. Ku Chile, asilikali a Augusto Pinochet atalanda boma mu 1973, amayi amene abale awo anagwidwa n'kusowa ankasoka tizithunzi pa masaka, zochedwa arpilleras, nthawi zina ndi nsalu za zovala za osowawo. Nazonso zinkagulitsidwa, koma zikukumbukiridwa lero cifukwa osokawo sanafewetse zimene anaona. Shati ya malemu ili m'gulu limenelo. Njovu ilibe malo pamenepo.

Madzulo ndinawafunsa kuti, “Azakhali, mumasokeranji zimenezi?” Anati, “Mwanangu, usiku ndi wautali. Ndikagwira nyeleti, maganizo amaleka kubalalika, amatsata ulusi.” Anandiuzanso kuti shati ija inakhala pa miyendo pawo milungu ingapo asanalimbe mtima kuidula ndi sizala.

Anandipatsa tizigamba m'kapulasitiki, ndipo kuyambira pamenepo ndimasoka ndikamaliza kuconga mabuku. Masiku oyamba ndinkangodzibaya. Tsopano ndamvetsa kumene mtendere wake umacokera. Manja onse awiri amakhala otanganidwa, conco foni imagona pa thebulo. Sungathamange, cifukwa ukathamanga ulusi umapanga mfundo. Ukalakwitsa umasosola n'kuyambanso, palibe amene akupatsa malikisi. Ndipo cinthu cimene cinali cacikulu mumtima, ukaciika pa nsalu cimakwana m'manja. Sindikunena kuti nyeleti ndi mankhwala. Cisoni cikakula, munthu amafunika anthu anzake. Komanso mtendere umenewu si kuiwala: azakhali amayang'ana shati ija tsiku lililonse.

Inu amene mumatumiza ndakatulo ndi nkhani zazifupi kuno, pali cimene mungatengepo. Pitani kwa tela wa pa msika mukapemphe tizidutswa timene amasesa madzulo, kapena tengani malaya a salaula amene anang'ambika. Sankhani cinthu cimodzi cimene munaona ndi maso anu m'komboni, mzere wa zigubu pa pompi kapena kondakitala atalendewera pa citseko ca minibasi, ndipo musawonjezepo ciliconse cokondweretsa mlendo. Mudzaona kuti nsalu salola mawu ocuruka. Mukadzabwerera ku colembera, dzanja lidzakhala litaphunzira kusankha.

Tsiku lobwerera ndinawapempha kuti asosole njovu ija. Anakana. Anati cithunzico sacigulitsanso, ndipo njovuyo ikhale pomwepo, iziwakumbutsa tsiku limene anamvera munthu wina pa nkhani ya amuna awo. Monga woweruza ndikunenabe kuti njovuyo ikuwononga kona. Monga mwana wawo ndinatseka pakamwa, n'kunyamula cikwama kupita ku msewu.