Okonkwo ndi liwu lakuti rationalise

Liwu lachingelezi lakuti rationalise ndi lovuta kulimasulira. Ena amati kuwiringula, ena amati kudzilungamitsa, koma onsewa akuperewera. Wowiringula amadziwa kuti akunamiza mnzake. Wochita rationalise amayamba wadzinamiza yekha, n'kukhulupirira bodzalo.

Gwero lake ndi liwu lachilatini lakuti ratio, kuwerengera kapena kulingalira. Tanthauzo tikukambali analitchukitsa ndi Ernest Jones, mnzake wa Sigmund Freud, mu 1908: munthu amachita chinthu chifukwa cha mantha kapena chilakolako, kenako n'kuchipezera chifukwa chomveka bwino.

Amene munawerenga Things Fall Apart ya Chinua Achebe, ya mu 1958, mukumudziwa munthu wotere. Ezeudu anachenjeza Okonkwo kuti asatengeko mbali pa imfa ya Ikemefuna, mnyamata amene ankamutchula kuti atate. Okonkwo anamutema ndi chikwanje poopa kuoneka wofooka. Koma pocheza ndi Obierika sanatchule mantha, anati ankangomvera zimene mizimu inalamula. Apa Achebe anagwira ntchito. Sanamudzudzule ngati mlaliki. Anatiululira mantha aja poyamba, ndiye za mizimuzo zikamabwera, ife tadziwa kale.

Si za m'mabuku zokha. Kwa Zingalume ku Chadiza, monganso kwina kulikonse, kholo lokwatiwitsa mwana wa Giredi 7 silinena kuti chimanga chatha m'nkhokwe ndipo likufuna ndalama za mkamwini. Limati ndi mwambo. Kuyambira 2023 lamulo la Zambia limaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ngakhale wapamudzi, koma kholo lija likafunsidwa mlandu limadabwa zenizeni.