Chimbale Chimene Chinadikira Mboni

Ine ndinakulira m'nyumba imene wailesi ikayamba kuimba nyimbo za country, ana tonse tinkatseka pakamwa. Bambo ankakonda Jim Reeves ndi Don Williams, motero makutu anga anaphunzira msanga kuti woimba country ayenera kukhala ndi mawu osalala, osanjenjemera, osaphonya. Ndiye tsiku loyamba kumvera chimbale chotchedwa Meat Puppets II ndinachizimitsa chisanafike n'pakati pomwe. Mumtima ndinati woimbayu kaya ndi chimfine, kaya ndi mowa. Lero ndikuvomera kuti olakwa anali makutu anga, ndipo sindinali ndekha pa kulakwako.

Gulu la Meat Puppets linayamba mu 1980 mumzinda wa Phoenix, m'dera lachipululu la Arizona ku America. Anali anyamata atatu: Curt Kirkwood woimba ndi kuliza gitala, mng'ono wake Cris pa besi, ndi mnzawo Derrick Bostrom pa ng'oma. Nyimbo zawo zinkatuluka kudzera ku SST, kakampani koima pakokha ka Greg Ginn wa gulu la Black Flag. Otsatira kakampanika ankafuna punk yaliwiro ndi yaukali, ndipo chimbale choyamba cha anyamatawa, cha 1982, chinawapatsa zomwezo: phokoso la achinyamata ophunzirira kuimba m'galaja, loti mawu ake sungawatole.

Chachiwirichi chinatuluka mu 1984. Nyimbo yotsegulira, "Split Myself in Two", ikuthamanga monga mwa kale, ngati kuti akuuza anzawo kuti musaope, ndife omwe aja. Koma yachitatu, "Lost", ikuyenda mwa country yeniyeni, besi ikudumpha ngati munthu woyenda ulendo wautali wapansi. Apa mpamene panagona mlandu. Kwa achinyamata a punk, country inali nyimbo ya makolo awo, omwe iwo ankawagalukirawo. Pamene gululi linkayenda ndi Black Flag, tsitsi lili lalitali, gitala ikuimba mosafulumira, ena mwa oonerera ankawalavulira malovu. Olemba ena anachimva chimbalechi, monga Kurt Loder amene anachiyamikira m'magazini ya Rolling Stone. Koma chiyamikiro cha papepala sichidzaza holo, ndipo chimbalecho chinakhala cha anthu ochepa.

Tiyeni tibwerere ku mawu aja. N'zoona, Curt Kirkwood akuphonya. Mu "Lake of Fire", nyimbo yonena za imfa ndi moto wa kugehena, akukakamiza kholingo kufika pamene silingafike, mpaka mawu kusweka. Mu "Plateau" akuimba ngati munthu wongodzuka kumene. Wina anganene kuti ndi kulephera basi, tisakukometsere. Ine ndikuti mverani kaye nyimbo zopanda mawu, "Aurora Borealis" ndi "Magic Toy Missing". Zala zimene zikutola nsambo mwaukhondo chotero si za munthu wosadziwa nyimbo. Gitala ikuyenda mwaulemu, mawu akudzandira pamwamba pake, ndipo kukoma kwa chimbalechi kuli pa kusiyana kumeneko. Don Williams akaimba za chisoni, amakhala ngati wachigonjetsa kale chisonicho, akungotifotokozera ali pampando. Kirkwood akuimba chinthucho chikadali pakhosi. Nyimbo ya munthu wosochera m'chipululu, ikaimbidwa ndi mawu okhuta, ndani angaikhulupirire?

Sindikuti zonse n'zabwino. "New Gods" ikundimvekera ngati mkute wa chimbale choyamba, ndipo m'chimbale cha mphindi pafupifupi 30 malo otaya palibe.

Zinthu zinatembenuka pa 18 Novembala 1993. Gulu la Nirvana, lomwe pa nthawiyo linali lotchuka dziko lonse, linkajambula pulogalamu ya MTV Unplugged ku New York. Eni pulogalamu ankayembekeza alendo a maina akuluakulu, koma Kurt Cobain anaitana Curt ndi Cris Kirkwood, naimba nawo nyimbo zitatu za m'chimbale chomwechi: "Plateau", "Oh, Me" ndi "Lake of Fire". Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Cobain sanazikonze nyimbozo. Nayenso anaimba mawu ake akusweka pamalo omwe aja. Iye anali atazindikira kuti kuswekako ndiyo nyimbo. Cobain anamwalira mu Epulo 1994, ndipo chimbale cha pulogalamuyo chitatuluka mu Novembala chaka chomwecho, anthu miyandamiyanda anamva nyimbo za ku Phoenix kwa nthawi yoyamba. Chaka chomwecho chimbale cha Meat Puppets chotchedwa Too High to Die chinagulidwa makope oposa 500,000. Mu 1999 kampani ya Rykodisc inatulutsanso Meat Puppets II, ndipo lero chimatchulidwa pakati pa zimbale zofunika za m'ma 1980.

Wamisala anaona nkhondo, amatero akuluakulu. Komatu chimene chimandivuta n'chakuti m'zaka 9 zonsezo m'chimbalecho simunasinthe kanthu. Ng'oma ndi yomweyo, kuphonya ndi komweko. Chinasintha ndi munthu woima pambali pake. Ambiri amene amachitama lero amayamba ndi dzina la Cobain, ngati mkwati amene amalemekezedwa chifukwa cha ankhoswe ake. Pamenepo ndimakayika ngati tikumvera Kirkwood kapena tikungokhulupirira mboni. Ndipo ndisaloze ena chala, pakuti nanenso ndinachibwerera chimbalechi nditamva kuti nyimbo zitatu zija si za Nirvana. Pakanapanda mboni ija, bwenzi nditachisiya pomwe ndinachizimitsira paja.

Tsiku lina ndinawaikira bambo "Lost" kuti ndione ngati makutu a Jim Reeves angailandire. Anamvetsera mpaka kumapeto, phazi likugunda pansi. Itatha anati gitalayo ndi ya munthu wodziwa, koma mnyamata woimbayo wina amupatseko madzi akumwa.