Msakatuli, kulawa ndiwo, ndi zilembo ziwiri za "ny"

Mapulogalamu otsegulira intaneti, aja ambirife timangowatchula kuti browser, satuluka kamodzi n'kuthera pomwepo. Kuyambira 2020 Firefox inayamba kutulutsa mtundu watsopano milungu 4 iliyonse, ndipo Chrome inatsatira mu 2021. Mtundu uliwonse usanafike pa foni ya munthu wamba, umayamba wadutsa m'manja mwa anthu odzipereka kuuyesa. A Firefox ali ndi Nightly ndi Beta, a Chrome ali ndi Canary, Dev ndi Beta. Kwa milungu ingapo ndakhala ndikugwiritsa ntchito mtundu wotere wa imodzi mwa mapulogalamuwa kuno ku Chiradzulu, pa foni ndi pa laputopu pomwe. Liwiro lake ndi maonekedwe ake ndiwasiyira akatswiri a kompyuta. Changa ine ndi chinenero: kodi pulogalamuyi imachitenga bwanji Chichewa, nanga ife eni akefe tikuitchula bwanji?

Tiyambe ndi dzina la chinthucho. M'masamba omasuliridwa ndi makina mwadzaza mawu akuti "msakatuli". Ine sindinamvepo munthu pa Njuli, pa Mbulumbuzi kapena pa boma akunena kuti msakatuli wanga wavuta. Amati "Chrome yanga", "Opera yanga", mwinanso "intaneti yanga" basi. Komabe mawuwa sitingawataye chifukwa choti sanafike pamsika, tiyenera kuwaunika kaye mmene anapangidwira. Mphatikiram'mbuyo m- pamodzi ndi -i wa kumapeto zimatipatsa dzina la wochita ntchito: kulima, mlimi, kulemba, mlembi, kusodza, msodzi. Onsewa ndi anthu, ndipo akachuluka amakhala alimi, alembi, asodzi. Ndiye "asakatuli" ndi ndani? Khutu la Mchewa likumva anthu amene akusakatula, pomwe womasulirayo amatanthauza mapulogalamu. Chiganizo chonga "asakatuli ena sasunga mbiri yanu" chimamveka ngati tikudandaula za khalidwe la anthu.

Chipangizo m'Chichewa chimakonda kuyenda njira ina, ya cho- ndi -ir- kapena -er-: chofufutira, chopukutira, chotsekera. Potsatira njira imeneyi tikanati "chosakatulira", ndipo zambiri zake "zosakatulira", popanda chisokonezo chilichonse.

Wina anditsutsa, ndipo ali ndi mfundo. Buku limene a Centre for Language Studies anatulutsa mu 2000 limatchedwa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, ndipo buku si munthu. Kuonjezera apo, m'chinenero cha akatswiri a intaneti browser imatchedwa user agent, kutanthauza nthumwi ya wogwiritsa ntchito. Ndi wantchito amene mumamutuma kukatenga tsamba. Choncho kuipatsa dzina la munthu si misala ayi. Vuto langa lalikulu lili pa tsinde lenilenilo. Kusakatula ndi zimene amachita mwana m'chikwama cha amayi ake, kapena wakuba m'nyumba ya eni, kutembenuza zinthu mosasamala pofuna kanthu. Pulogalamu imene ikukulonjezani kuti isunga chinsinsi chanu, n'kumadzitchula kuti msakatuli, aaa, imeneyo yadzinenera yokha mlandu.

Mawu achiwiri ndi a mtundu wosamalizidwawo. Canary ndi kambalame kamene anthu okumba malasha ku Britain ankalowa nako mumgodi mpaka cha mu 1986, kuti kakakomoka adziwe kuti mpweya waipa. Fanizo labwino kwa eni ake, koma kwa munthu wa kwa Kadewere silikunena kanthu. Beta ndi chilembo chachiwiri cha Chigiriki. Pomasulira, dzanja limathamangira ku "mtundu woyeserera", ndipo apa m'pamene ndikufuna tiime pang'ono, chifukwa kuyesa, kuyesera ndi kuyeserera si chinthu chimodzi. Kuyesa ndi kuona ngati chinthu chitheka kapena chili bwino. Kuyesera kuli ndi chida kapena malo ake, monga chipinda choyesera zovala. Kuyeserera kumatha kukhala kukonzekera, ngati ana a kwaya Loweruka madzulo, koma kumathanso kukhala kunamizira: "akungoyeserera kudwala uyo". Munthu wowerenga "pulogalamu yoyeserera" ali ndi ufulu wonse woganiza kuti ndi yabodza, yotsanzira yeniyeni. M'dziko limene anthu amachenjezedwa tsiku ndi tsiku za akathyali a pa foni, tanthauzo limenelo ndi loopsa.

Ine ndikanasankha mawu a kukhitchini. Ndiwo zisanapite kwa alendo, wophika amalawa, kapena amalawitsa wina kuti anene ngati mchere wakwana. "Mtundu wolawitsa" ukunena zonse zitatu: chinthucho n'chenicheni, sichinafike pogawidwa, ndipo wolawayo akuyembekezeka kunenapo kanthu. Mfundo yachitatuyi ndi imene "yoyeserera" imataya, pomwe ndiyo cholinga chonse cha Beta.

Za update sindichedwapo. Anthu anathana nazo kale: "ndikupanga update", "yafuna update", "ma update andithera bundle". Mawuwa analowa m'gulu la I-Zi ngati foni ndi kompyuta, n'chifukwa chake timati update yatsopano, ndipo zambiri zake zimatenga ma-. Pulogalamu ikadzitseka yokha amati "yazima" kapena "yatuluka yokha", ikaima osayankha amati "yafiriza". Womasulira amene angasiye mawu amenewa n'kukapeka ena ndiye kuti sakumvetsera. Koma "makeke" m'malo mwa ma cookie, amene ndakumana nawo kangapo, amenewo ayi ndithu. Tsamba likamakufunsani ngati mukuvomera makeke, ndani angakane?

Tsopano nkhani imene yandichititsa kulemba. Mukalowa m'malo osankhira zinenero, chinenero chathu muchipeza, koma dzina lake limatengera pulogalamu: ena analemba Chichewa, ena Nyanja. Pansi pa mayina onsewa pali zilembo ziwiri zomwezo, ny, zimene zili mu ndondomeko ya ISO 639-1. Kusiyana kwa mayinaku ndi mbiri yathu yomwe. Mpaka 1968 chinenerochi chinkatchedwa Chinyanja, ndipo msonkhano wa Malawi Congress Party wa chaka chimenecho ndi umene unasintha dzina kukhala Chichewa. Ku Zambia ndi ku Mozambique dzina lakale lija lidakalipo. Kuno kum'mwera nkhaniyi ili ndi mbali yachitatu, chifukwa dikishonale ya David Clement Scott wa ku Blantyre Mission, ya mu 1892, inali ya Chimang'anja. M'boma lino, mmene Alomwe, Ayao ndi Amang'anja akhalira limodzi, gogo amene amayankhula chinenerochi tsiku lililonse akhoza kukuuzani kuti iye si Mchewa, ndipo sakunama. Munthu akafufuza pa C osachipeza, si onse amene angaganize zokayang'ana pa N.

Chifukwa chake zilembo ziwirizi zili zofunika n'chakuti browser ikamapempha tsamba, imatumizanso mzere wotchedwa Accept-Language, wonena zinenero zimene mwini wake amafuna, motsatana. Eni tsamba amatha kugwiritsa ntchito mzerewu posankha chinenero chokuonetsani, ndiponso powerengera kuti alendo awo amayankhula chiyani. Mafoni athu ambiri amabwera ali pa Chingerezi, ndipo amakhala choncho mpaka kuwonongeka. Zotsatira zake n'zakuti mayi wa ku Namitambo amene amalemba Chichewa chokhachokha pa WhatsApp, kwa makina owerengerawo ndi Mngerezi. Kenako wina mu ofesi ina kutali amayang'ana ziwerengerozo n'kunena kuti palibe chifukwa chomasulira, anthu ake sakufuna.

Pali kusintha kwina kumene opanga Chrome anayesa m'mitundu yolawitsayi, kotchedwa Reduce Accept-Language. Maganizo ake ndi akuti mndandanda wautali wa zinenero umathandiza makampani otsatsa malonda kuzindikira munthu, poti anthu amene anasanja zinenero mofanana ndendende ndi ochepa. Ndiye njira yake ndi kutumiza chinenero choyamba chokha. Pa nkhani ya chinsinsi, mfundoyi ndi yomveka ndipo sindikuitsutsa. Koma taonani amene akulipira. Munthu wa chinenero chimodzi sataya kanthu. Ife amene timaika Chingerezi poyamba, chifukwa mabatani a pulogalamuyo ali m'Chingerezi, n'kuika Chichewa pachiwiri, ndi amene chinenero chathu chimadulidwa. Ndi anthu angati a ku Malawi amene anali m'gulu lolawa kuti anene zimenezi nthawi ikadalipo? Malipoti a zolakwika amalembedwa m'Chingerezi, ndipo mtundu wa Nightly kapena Canary umafuna kutsitsa zatsopano pafupifupi tsiku lililonse. Pa bundle ya wophunzira wa ku Nguludi, kulawa kotereku n'kodula.

Sikuti zonse n'zoipa. Chimene chinandisangalatsa ndi kufufuza mawu m'tsamba. Chilembo cha ŵ chakhala chikutigawa kwa nthawi yaitali: Buku Loyera limalemba, nyuzipepala zambiri sizilemba, ndipo kuno kum'mwera ambiri sitisiyanitsa n'komwe potchula. Kale, kufufuza "Malawi" m'tsamba lolembedwa "Malaŵi" kunkatha kukubwezerani chimanjamanja. Kuyambira Firefox 73, ya mu February 2020, kufufuza kumanyalanyaza tizizindikiro ta pamwamba pa zilembo, pokhapokha mutasankha nokha kuti tiwerengedwe. Amene anakonza zimenezi mwina ankaganiza za Chifalansa kapena Chipwitikizi, koma ife tapindula nawo. Wofufuza za kalembedwe amene akufuna ŵ yekha amachonga kabokosi, wina aliyense amangopeza mawu ake.

Mizere yofiira ija ndiye idakalipo. Lembani ndime imodzi ya Chichewa m'bokosi lililonse, pafupifupi mawu onse alembedwa mzere pansi ngati kope la mwana wolephera. Chifukwa chake si chinsinsi: pulogalamu ikuyerekeza mawu anu ndi mndandanda wa Chingerezi. Edmond Kachale ndi Kevin Scannell anagwirapo ntchito yopanga chounikira kalembedwe ka Chichewa zaka zapitazo, choncho maziko alipo. Kuvuta kwake n'kwakuti mndandanda wa mawu wokha sungakwane. Tsinde limodzi la -thandiz- limabala ndinamuthandiza, sitidzakuthandizaninso, akanangothandizana, ndi mazana ena, ndiye pamafunika malamulo a aphatikiri olembedwa mosamala. Pamafunikanso kugwirizana kuti cholondola n'chiti, "mmene" kapena "m'mene", "kuona" kapena "kuwona", "ndinapita" kapena "ndidapita". Chichewa Board imene inakhazikitsidwa mu 1972 inkagamula nkhani zotere, ndipo ntchitoyo inapita ku Centre for Language Studies mu 1996. Chounikira chilichonse chimene chidzalowe mu browser chidzakhala ndi mphamvu kuposa mabungwe onsewa, poti chidzakhala chikudzudzula munthu aliyense pa chiganizo chilichonse. Ngati chidzatenge kalankhulidwe ka chigawo chapakati kokha, mwana wa ku Thumbwe adzauzidwa ndi foni yake kuti mawu a agogo ake ndi olakwika.

Pa mitundu yonse yolawitsa pamakhala malo otumizira ndemanga. Ine ndatumiza ziwiri: yoyamba yopempha kuti kulemba "Chichewa", "Chinyanja" kapena "Nyanja" m'bokosi lofufuzira zinenero kuzifikitsa pa ny yemweyo, yachiwiri yofunsa chimene chidzachitikire chinenero chachiwiri cha munthu mndandanda uja ukafupikitsidwa. Zonse ndinalemba m'Chingerezi, ndipo pa foni yanga ny ndamukweza kukhala woyamba.