Mpando wa Mfuti pa Pepala

Mpando umene Cristóvão Canhavato, wodziwika ndi dzina la Kester, anapanga ku Maputo mu 2001 uli kutali ndi ife. British Museum ya ku London inaugula mu 2002, motero ambirife tingauone pa cithunzi basi. Koma wofuna kuudziwa bwino atenge cithunzico, aujambule ndi dzanja lake.

Mpandowu ndi wa mfuti zenizeni za nkhondo imene inatha mu 1992. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane ndi Conselho Cristão de Moçambique anayamba nchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Mfutizo zinadulidwa, ndipo zidutswa zina amisiri anazilumikiza ndi moto.

Pensulo ndiyo iyamba. Imakakamiza wojambula kutsata citsulo cimodzicimodzi: kotsamira msana kuli mfuti za G3 za ku Portugal, kwinaku zidutswa za AK-47. Apo m'pamene munthu azindikira kuti palibe ngakhale imodzi yopangidwa mu Africa.

Utoto wa madzi tiucenjerere. Umagwira bwino kufiira kwa dzimbiri ndi maonekedwe a thabwa lakale, koma umafewetsa zonse. Ukacuruka, mpando uja usanduka wokongola ngati wa mfumu, mfuti n'kubisala. Ameneyo si mpando wa Kester ai.

Inki ndiyo inena zoona. Siifufutika, ndipo mzere wake wakuda uonetsa pamene citsulo cinadulidwa ndi pamene cinalumikizidwa. Luso la Kester lili pomwepo: mfuti sanaibise, anangoilanda mphamvu. Ukaona uti ndi mfuti ndithu, koma siidzaliranso.

Inu atsogoleri a makalasi, yesani zimenezi. Mayi kapena bambo amene dzanja limanjenjemera polemba "m" amamasuka akayamba ndi mizere ya mpando. Akatha kujambula, alembe pansi pake mau anai: mfuti, mpando, khasu, mtendere. Wina awerenge Yesaya 2:4, kenaka mufunse: kodi pampando wotere angakhalepo ndani?

Koma pang'onopang'ono, abale. M'kalasi mungakhale wina amene ananyamulapo mfuti, ndi wina amene mfutiyo inamulanda mwana. Wosafuna kulankhula musamuumirize. Mpatseni pepala ndi pensulo, mumleke ajambule.