Ufulu Wopanda Mipata: Khoma la Françoise Schein ku Concorde

Pansi pa bwalo la Concorde mumzinda wa Paris pali siteshoni ya sitima zoyenda pansi pa nthaka imene idatsegulidwa mu 1900. Mu 1991 mayi Françoise Schein, mmisiri wa ku Belgium, adatsiriza kukuta makoma a kumbali ya njanji nambala 12 ndi timatailosi toyera, kalikonse kali ndi chilembo chimodzi chobiriwira ngati thambo. Zilembozo zikalumikizidwa zimapanga chikalata chija cha mu 1789, cha mfundo 17, chonena za ufulu wa munthu ndi wa nzika.

Chimene chimazunguza mutu n'chakuti Schein sadasiye mpata pakati pa mawu. Mpumiro kapena mpatuliro suoneka pamalo pake. Zilembo zangoti mbwee, kukwera khoma mpaka kudenga, ngati nyerere zotuluka kuuna. Wodikira sitima amatola liwu limodzi, mwina awiri, ndipo asadafike kumapeto a chiganizo sitima yafika, wakwera, wapita.

Wina angati uku n'kuwononga: phindu la mawu osawerengeka n'chiyani? Funsoli n'lomveka, pakuti munthu wothamangira kuntchito amangoona ngati makaka a pansalu. Komabe ine ndiona kuti mphamvu ya ntchitoyi yagona pomwepo. Chikalatachi akadachilemba bwinobwino, chikadafanana ndi zikwangwani za malonda zimene maso adazolowera kulambalala. Pochotsa mipata, mmisiriyu wamusiyira wowerenga ntchito yodula yekha mawu, monga achitira mwana wa sitandade 1, chala chili pakhoma. Ufulu uli poyera, koma kuti uupeze uyenera kuima ndi kukhetsa thukuta.

Pamene ndikayikira ndi pa zimene khomali silinena. Pabwalo la pamwamba pake ndi pamene adadulira mutu mfumu Louis XVI mu 1793. Chaka chomwecho, pabwalo lomwelo, adaphanso Olympe de Gouges, mayi amene mu 1791 adalemba chikalata chake chofuna kuti ufuluwo ufikenso kwa akazi. Nanga akapolo a m'maiko olamulidwa ndi France? Iwo adamasulidwa mu 1794, Napoleon n'kubwezeretsa ukapolo mu 1802, ndipo goli lidathyoka kotheratu mu 1848. Ngakhale chipilala chimene chaima pakati pa bwalolo kuyambira 1836 n'chochokera ku Luxor, m'dziko la Egypt.

Zonsezi matailosi a Schein sazikhudza. Chilembo chilichonse chapatsidwa malo ofanana ndi chinzake, ndipo kufanana kumeneku n'kokoma m'maso, koma kukoma kwake kwaposa mbiri imene kukuimira. Mmisiri amene adalimba mtima kusokoneza kalembedwe ka chikalata cholemekezeka chotere akadatha kusiya tailosi imodzi yopanda chilembo, kapena yosweka, kuti Mwafirika wotsika sitima pa Concorde aone pomwe makolo ake adasiyidwa kunja.